Makina ochapira ndi oumitsira zovala m'fulati ya lendi: ndiyambire pati?

Mai a Mapasa: Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munadutsamo kale. Timakhala pa lendi m'fulati ya m'tauni, pansanjika yachitatu, ndipo pansi pathu palinso mabanja ena. Ana athu amapasa adakali akhanda, zochapa sizikutha, ndipo khonde ndi laling'ono moti chingwe chimodzi chokha ndiye chimakwana. Tikuganiza zogula makina ochapira ndi oumitsira omwe. Vuto ndi loti m'nyumbamu mulibe malo amene anakonzera makinawa, mulibe mpope wake, mulibenso paipi yotayira madzi. Tili ndi sinki kukhitchini ndi bafa basi. Kodi zimatheka? Nanga eni nyumba ndiwauze kaye, kapena poti makinawo ndi anga ndingolowetsa?

Mlendi Mnzanu: Ingolowetsani achemwali. Katundu wa m'nyumba ndi wanu, lendi mukulipira mwezi ndi mwezi. Pogula filiji sitipita kukapempha kwa landilodi, ndiye makina ochapira asiyana pati?

Landilodi Mmodzi: Pepani achimwene, apa ndikutsutsani, ndipo sikuti ndikutsutsa chifukwa choti ndili ndi nyumba yochititsa lendi ayi. Filiji imangofuna soketi. Makina ochapira amagwira mapaipi a nyumba mbali ziwiri, kolowera madzi ndi kotulukira. Mapaipiwo si a mlendi, ndipo m'nyumba yosanja si a fulati imodzi, ndi a onse amene ali pamzere umenewo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mai a Mapasa, tengani kaye pepala la mgwirizano wanu wa lendi muliwerengenso mofatsa. Ambiri amakhala ndi ndime yoletsa kusintha mapaipi, kukhudza mawaya kapena kuboola khoma popanda chilolezo, ndipo ena amachita kutchula makina ochapira. Ngati nyumbayo ili ndi komiti kapena kampani yoiyang'anira, nawonso amakhala ndi malamulo awo, moti landilodi wanu akhoza kuvomera koma iwo n'kukana. Ndipo chilolezocho chikhale cholemba. Zapakamwa zimaiwalika tsiku lotuluka m'nyumba, pamene mukufunsa dipoziti yanu. Safunsa anadya phula, amayi.

Wa Pansi: Ine ndilankhule monga munthu wokhala pansi pa anzake. Anzathu apamwamba analowetsa makina mwakachetechete, paipi yotayira madzi n'kungoikoleka m'mphepete mwa sinki osamanga. Tsiku lina anayatsa makina n'kutuluka. Pampu itayamba kukankha, paipi ija inadumpha n'kugwera pansi, madzi onse a sopo n'kuyenda pamatailosi. Kwathu tinayamba kuona siling'i ikutupa, kenako mzere wofiirira wozungulira, kenako madzi akudontha kuchokera poikira babu penipeni. Tinathimitsa magetsi a nyumba yonse tikunjenjemera. Matiresi ananyowa, penti inasupuka, ndipo fungo la chinyezi linatenga nthawi kuti lichoke. Chowawa kwambiri chinali mkangano wa pambuyo pake. Landilodi ankati iye sanaloleze makinawo, anzathuwo ankati mapaipi a nyumba ndi akale, ife tili pakati. Anali anthu abwino, tinkapatsana moni tsiku lililonse, koma ubale unathera pomwepo. Ndiye achimwene musamati asiyana pati ndi filiji.

Mlendi Mnzanu: Pepani kwambiri ndi zimenezo, sindinaganize mbali ya anthu apansi. Komabe malandilodi ena amangokana chilichonse osamva n'komwe kuti ukufuna kuika bwanji. Munthu uli ndi ana aang'ono uzichapa pamanja mpaka liti?

Landilodi Mmodzi: Alipo otero, sindikana. Koma ambiri timakana chifukwa mlendi amangobwera ndi mawu oti ndikufuna kuika makina, osanena kuti aika pati, aika ndani, nanga madzi akatayika alipira ndani. Munthu akabwera atayankha kale mafunso amenewa, kukana kumavuta.

Pulambala Wakale: Amayi, zimatheka ndithu, ndipo nthawi zambiri sipafunika kuswa khoma. Tsegulani kabati ya pansi pa sinki muyang'ane. Muona paipi yobweretsa madzi ozizira kumpope, komanso paipi yopindika ija yotenga madzi akuda, trap. Pa paipi ya madzi ozizira pulambala amadulapo n'kuika T ndi valavu yakeyake ya mazinga a 3/4 inchi, saizi imene paipi ya makina imalowapo. Valavuyo ikhale pamalo poti dzanja lifikepo msanga, osati kuseri kwa makina koti mpaka muwakoke kaye. Makina ambiri a chitseko chakutsogolo amangofuna madzi ozizira, amatenthetsa okha mkati, ndiye za madzi otentha musavutike nazo pokhapokha buku la makinawo litanena.

Kotulukira madzi ndiye kofunika kuikako mtima wonse. Pali njira ziwiri zabwino. Yoyamba, asinthe trap ya sinki aike ina yokhala ndi kamlomo kam'mbali, paipi ya makina ilowe pamenepo n'kuimanga ndi klampu. Yachiwiri, aimike paipi yakeyake ya mamilimita 40 yokhala ndi trap yake pansi, paipi ya makina ilowemo pang'ono chabe, osaitseka mothina, kuti mpweya uzilowa. Mulimonsemo, paipi ya makina iyenera kukwera kaye isanatsike. Mabuku ambiri amanena kutalika kwa pakati pa masentimita 60 ndi 100 kuchokera pansi, koma tsatirani buku la makina anuwo. Ikagona pansi, madzi amadzikoka okha kutuluka pamene makina akudzaza, monga zimachitikira munthu akamakoka petulo m'thanki ndi paipi, ndiye makina amangomwa madzi osakhuta. Komanso madzi otsukira mbale amatha kubwerera m'makina, zovala n'kumatuluka zikununkha. Ikakwera mopitirira, pampu imalephera kukankha ndipo imafa msanga.

Zokoleka paipi pasinki kapena pabafa, monga anenera a Wa Pansi, m'nyumba yosanja musayerekeze.

Mai a Mapasa: Zikomo bambo, ndayang'ana pompano. Pansi pa sinki pali zonse mwanenazo, ndipo pambali pake pali kabati imene ingathe kuchoka. Koma bambo a kunyumba akuti bwanji tiike kubafa, poti kumeneko pansi pali kale kabowo kotulukira madzi?

Wa Zamagetsi: Ndilowererepo apa asisi. Kubafa kabowo kapansi kamathandiza madzi akatayika, zimenezo n'zoona, koma magetsi ndi madzi a shawa siziyenera kuyandikana. Malamulo a zamawaya m'mayiko ambiri amaletsa kapena kuchepetsa masoketi pafupi ndi shawa, ndipo mabafa a m'mafulati ambiri ndi aang'ono moti mtunda wofunikawo supezeka. Chimene anthu amachita zikatere ndi kukoka ekisitenshoni kuchokera kuchipinda, kuidutsitsa pansi pa chitseko, n'kuigoneka pamatailosi onyowa. Anthu amafa nazo zimenezi. Ngati kubafa kulibe soketi yoikidwa mwalamulo, sankhani kukhitchini.

Ndipo kukhitchiniko werengani mphamvu. Makina ochapira akamatenthetsa madzi amakoka mawati pafupifupi 2000. Draya wamba, makina oumitsira aja, amakoka pakati pa 2000 ndi 2800. Kumene magetsi ndi a mavoti 230, soketi ya ma amp 13 imanyamula mawati pafupifupi 3000 basi. Mukalumikiza makina awiriwa pa adaputa imodzi mwadutsa 4000, pulagi imatentha, pulasitiki imasungunuka pang'onopang'ono kuseri kumene simukuona. Aliyense akhale ndi soketi yake ya pakhoma. Onaninso kuti ketulo, ayironi ndi microwave zili pa breaker iti, chifukwa zikakumana zonse nthawi imodzi magetsi azingothima. Kwa amene muli ku America kapena Canada nkhani ndi ina: draya wamkulu wamagetsi kumeneko amafuna soketi yapadera ya mavoti 240 ndi ma amp 30, ndipo fulati ikakhala ilibe, kukoka waya watsopano ndi ntchito ya mwini nyumba, osati ya mlendi.

China chimene sindifuna muiwale: itanani wamagetsi ayeze ngati soketiyo ili ndi earth yogwira ntchito, waya woteteza uja wothawitsira magetsi pansi. Maonekedwe a mabowo atatu sakutanthauza kuti waya wachitatu ulipo mkati. Makina ochapira ndi chitsulo chodzaza madzi, ndipo mumawagwira ndi manja onyowa. Pabokosi la magetsi pakhalenso RCD ya 30 mA, imene imadula magetsi akangoyamba kuthawira kumene sayenera.

Bambo a Tadala: Funso langa ndi loti, draya ndi wofunikadi? Makina amakono akafinya zovala zimatuluka zili pafupi kuuma. Mwina mugule ochapira okha kaye muone.

Mai a Mapasa: Tinaganizapo bambo, koma nyengo ya mvula tikayanika m'nyumba mazenera amachita thukuta, ndipo pakona ya kuchipinda kwa ana payamba kuda ndi nguwi. Chimenechi ndiye chikundidetsa nkhawa kuposa kutopa kwanga.

Namwino wa Usiku: Nkhawa yanu ndi yomveka achemwali, nguwi si yabwino pachifuwa cha mwana, makamaka amene ali ndi mphumu. Anthu sitizindikira kuchuluka kwa madzi amene amatsala m'zovala. Zovala za thonje zikafinyidwa ngakhale pa liwiro lozungulira maulendo 1400 pa mphindi, zimasungabe madzi olemera pafupifupi theka la kulemera kwake. Ndiye makilogalamu 6 a zovala ndi malita atatu a madzi. Madzi amenewo sasowa, amapita kwinakwake. Mukayanika m'chipinda chotseka amalowa m'makoma, m'makatani ndi m'matiresi. Choncho pogula draya funso loyamba likhale loti madziwo awapititsa kuti.

Mlendi Mnzanu: Ine wanga ndi wa paipi yaikulu ija yotulutsa mpweya. Ndimangoitulutsa pazenera, zovala zimauma msanga ndipo ndi wosavuta kukonza akawonongeka.

Wa Pansi: Nanga mpweya wotenthawo ndi tiulusi take zimapita kuti achimwene? M'nyumba yosanja zenera lanu lili pafupi ndi zenera la wina. Apamwamba panu akatsegula lawo, chinyezi chanu chimalowa kwawo.

Pulambala Wakale: Zoona. Draya wa mtundu umenewo amafuna bowo la mamilimita 100 lotulukira panja, ndipo paipi yake ikhale yaifupi, yosapindapinda, makamaka yachitsulo. Ikatalika kapena kugwa pakati, nthunzi imasanduka madzi mkati, tiulusi n'kumamatira, mpweya n'kusiya kuyenda. Kuboola khoma la nyumba ya eni ake bowo lotere ndi landilodi wochepa angalole, ndipo khoma lakunja la nyumba yosanja nthawi zambiri silikhala m'manja mwa landilodi wa fulati imodzi. Ndaonaponso anthu akulozetsa paipiyo m'chidebe cha madzi m'nyumba momwemo, ena musiling'i. Chidebe chimagwira tiulusi tina koma chinyezi chonse chimatsala m'nyumba, ndipo musiling'i mumaola matabwa. Ngati draya ndi wa gasi ndiye nkhani yake ndi yoopsa kwambiri, chifukwa utsi wake ukhoza kukhala ndi carbon monoxide, mpweya wakupha umene sununkha. Ameneyo popanda potulukira panja povomerezeka asayatsidwe n'komwe.

Namwino wa Usiku: N'chifukwa chake pa lendi ine ndimalimbikitsa amene safuna bowo. Alipo a mitundu iwiri. Wa condenser amatenthetsa mpweya, kuudutsitsa m'zovala, kenako kuuziziritsa kuti nthunzi isanduke madzi n'kugwera m'kathanki kamene mumasolola n'kukataya musinki. Amakoka magetsi ambiri ndipo chipinda chimatentha akamagwira ntchito. Wa heat pump nayenso amasunga madzi m'kathanki, koma kutentha kwake amakuzunguliza m'malo mokutaya, ndiye amadya magetsi pafupifupi theka la enawo, ndipo ambiri sakoka kupitirira mawati 1000. Ine ndili ndi ameneyu. Amaumitsa ndi kutentha kochepa, cha m'ma digiri 50, moti mayunifolomu anga sakhwinyata kwambiri ndipo tizovala ta ana sitifupika msanga. Kuipa kwake, ndi wokwera mtengo pogula, amatenga nthawi yaitali kuti amalize, ndipo ali ndi masefa awiri ofunika kuyeretsa, ya pachitseko ndi ina ya pansi. Mukanyalanyaza ya pansiyo amayamba kuchedwa kwambiri.

Wa Zamagetsi: Pa nkhani ya mawaya, wa heat pump ndiye amagwirizana ndi nyumba zakale. Kumene wamba angagwetse breaker, iyeyu amayenda bwinobwino.

Bambo a Tadala: Ife tinasankha makina amodzi ochita zonse, kuchapa ndi kuumitsa, chifukwa malo anali a makina amodzi okha, masentimita 60 m'lifupi. Ndinene zoona zake kuti musankhe mukudziwa. Ubwino wake, mumaika zovala zakuda n'kutulutsa zouma, soketi imodzi, paipi imodzi. Koma samaumitsa zochuluka monga amachapira. Athu amachapa makilogalamu 8 koma kuumitsa ndi 5, ndiye mukadzaza muyenera kuchotsamo zina musanayambe kuumitsa. Ulendo umodzi wochapa ndi kuumitsa umatenga maola ambiri, ndipo nthawi yonseyo simungachape zina. Ambiri a mtundu umenewu amagwiritsanso ntchito madzi ozizira poumitsa, kuti nthunzi isanduke madzi, moti mita ya madzi imayendabe ngakhale simukuchapa. Kwa banja la anthu awiri ndi abwino. Kwa mapasa akhanda, amayi, ndikuona kuti azikuchedwetsani, ndipo tsiku limene awonongeke mudzasowa zonse ziwiri nthawi imodzi.

Mai a Mapasa: Mwandithandiza bambo, chifukwa mtima wanga unali kale pa amenewo. Nanga phokoso? Pansi pathu pali agogo ena amene amagona msanga, sindikufuna kuwasowetsa mtendere.

Pulambala Wakale: Phokoso lambiri limene anthu amadandaula nalo limachokera pa kaikidwe. Makina atsopano a chitseko chakutsogolo amabwera ndi mabawuti atatu kapena anayi kumbuyo, ogwira dilamu kuti isagwedezeke panjira. Amenewa amasulidwe onse makina asanayatsidwe. Mukaiwala, akafika pofinya amadumpha n'kuyenda okha pakhitchini mpaka kukoka mapaipi, ndipo mkati zimawonongeka. Mukamasula musataye, ikani m'kathumba pamodzi ndi buku, adzafunika tsiku losamuka.

Kenako levulo. Ikani pamwamba pa makina, yezani cham'mbali ndi chakutsogolo, potozani timiyendo mpaka kathovu kakhale pakati, mukatero mangani manati a timiyendoto ndi sipanala kuti tisamasuke. Gwirani makona awiri opingasana mugwedeze. Akangoti gwede ngakhale pang'ono, simunamalize. Siyani kampata m'mbali kuti asamagunde makabati, ndi kumbuyo kuti mapaipi asapindike. Ngati pansi ndi pa simenti mwapeza bwino. Ngati ndi pa matabwa, ikani pakona kapena pafupi ndi khoma lolimba, osati pakati pa chipinda pamene matabwa amanjanja kwambiri.

Mlendi Mnzanu: Nanga timarabala toika pansi pa miyendo tija timathandiza?

Pulambala Wakale: Timachepetsako kunjenjemera kopita kwa apansi, koma sitikonza makina opendekeka. Levulo kaye, rabala pambuyo. Ndipo wofewa kwambiri amachititsa makina kuvina m'malo mokhazikika.

Wa Pansi: Chimene chimamveka kwa ife apansi si kuchapa, ndi kufinya. Kumamveka m'makoma mpaka m'mutu ukagona. Agogowo mukambirane nawo nthawi, mwina muzichapa m'mawa kapena masana. Komanso bulangete limodzi lokha lonyowa ndi limene limagwedeza makina kwambiri chifukwa limaunjikana mbali imodzi, ndi bwino kuikamo ndi matawulo angapo kuti kulemera kugawikane.

Namwino wa Usiku: Ndipo ngati mwakakamizika kuchapa madzulo, tsitsani liwiro lofinyira lifike 800. Zovala zituluka zonyowerapo ndipo draya agwira ntchito nthawi yaitali, koma anthu agona.

Bambo a Tadala: Musanalipire yezani njira yonse, osati malo oikapo okha. Chitseko cha fulati, pokhotera masitepe, chikepe ngati chilipo. Makina a chitseko chakutsogolo amalemera makilogalamu 60 mpaka 80 chifukwa mkati muli zidutswa za konkire zowakhazika pansi. Pansanjika yachitatu pafunika anthu amphamvu ndi malamba, ndipo anyamulidwe choimirira.

Pulambala Wakale: Mwandikumbutsa za nsanjika. Amayi, madzi anu amabwera ndi mphamvu bwanji? Ngati nyumbayo imadalira thanki ya padenga, mphamvu imachokera pa kutalika kwa thankiyo: mamita 10 amapereka bar imodzi, bar ndiwo muyezo wa mphamvu ya madzi. Amene ali pafupi ndi denga madzi awo amakhala ofooka, ndipo makina ambiri amafuna pakati pa theka la bar ndi bar imodzi kuti adzaze m'nthawi yake, apo ayi amaima n'kuonetsa chizindikiro cha vuto. Onani nambala imeneyi m'buku musanagule. Polowera madzi kumbuyo kwa makina palinso kasefa kakang'ono kamene kamatsekeka ndi mchenga ndi dzimbiri, makamaka kumene madzi amasiyasiya. Kachotseni ndi pulayala nthawi ndi nthawi mukatsuke.

Mai a Mapasa: Ndabweranso ndi nkhani. Ndawerenga pepala la lendi, ndipo ndimedi ilipo yoletsa kusintha mapaipi popanda chilolezo. Ndinawalembera eni nyumba, ndinafotokoza malo, mtundu wa makina, kuti aika ndi pulambala wodziwa ntchito, ndipo sitiboola khoma. Ayankha kuti avomera makina ochapira, bola pulambalayo akhale amene iwo amamudziwa, pansi pa makina pakhale thireyi, ndipo potuluka tidzabwezeretse kabati. Za draya akuti wa paipi yotulukira panja ayi, koma winayo alibe naye vuto. Madzi athu ali ndi mphamvu ndithu. Tsopano chandivuta ndi malo. Makina ochapira alowa pansi pa kauntala, ndiye sindingasanjike draya pamwamba pake.

Landilodi Mmodzi: Mwachita bwino amayi, ndipo zimene apemphazo n'zosavuta. Sungani yankho lawolo, musangolisiya mufoni mokha. Jambulani pansi pa sinki ndi pansi pa kabati ntchito isanayambe komanso itatha. Mumvanenso zinthu ziwiri zimene anthu amakangana nazo pambuyo: valavu ndi trap yatsopanoyo zidzatsala kapena mudzachotsa, komanso ngati mita ya madzi ndi yogawana ndi ena, bilu izigawidwa bwanji. Makina a chitseko chakutsogolo amamwa malita cha m'ma 50 ulendo umodzi, ochepa kuposa mmene anthu amaganizira, pomwe akale otsegula pamwamba amadutsa 100. Mukawauza anzanu ogawana nawo mita nambala imeneyi mitima imakhala pansi. Ngati muli ndi inshuwaransi ya katundu wa m'nyumba, funsani ngati imalipiranso zimene madzi anu angawononge kwa ena, chifukwa si zonse zimatero.

Namwino wa Usiku: Za malo musadandaule achemwali. Draya wa kathanki safuna mpope kapena paipi, amangofuna soketi ndi mpweya. Akhoza kukhala m'kakhonde ka mkati, pakona ya pabalaza, kulikonse kumene kuli soketi yabwino. Wanga ali kutali ndi makina ochapira, ndimangonyamula zovala m'basiketi. Chachikulu asatsekeredwe m'kabati yopanda mpweya, ndipo chipinda chisazizire kapena kutentha mopitirira, mabuku ambiri amanena pakati pa madigiri 5 ndi 35. Wa heat pump akafika musamuyatse nthawi yomweyo ngati anabwera chopendekeka, muimikeni maola angapo monga timachitira ndi filiji, poti mkati mwake mulinso kompuresa.

Bambo a Tadala: Kwa ena amene akuwerenga ndipo malo osanjikiza ali nawo: draya ndiye amakhala pamwamba, ochapira pansi, ndipo pakati pakhale chomangira chake chogwirizana ndi makinawo. Kungomukhazika pamwamba popanda chomangira, tsiku lina pofinya adzatsetsereka.

Wa Zamagetsi: Popeza draya akhala kufupi ndi kumene ana amagona, ndinene za moto mosabisa. Tiulusi timene timasonkhana pasefa timayaka msanga kwambiri. Sefa ya pachitseko ichotsedwe tiulusi mukangomaliza kuumitsa ulendo uliwonse, ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Musasiye draya akuyenda inu mukugona kapena mutachoka. Nsalu zimene zinagwera mafuta ophikira, petulo kapena parafini zisalowemo ngakhale zitachapidwa, mafutawo satheratu ndipo zikatentha n'kuunjikana zimatha kuyaka zokha. Musamuzimitsenso pakati n'kusiya zovala zotentha zili mulu, mulekeni amalize gawo lake loziziritsa. Ikani alamu ya utsi pafupi. Ndipo mapasawo akayamba kukwawa, zitseko za makina onse awiri muzizisamala, ana amakonda kulowa m'dilamu. Makina ambiri ali ndi loko ya ana pamabatani, koma chizolowezi choyang'ana mkati musanayatse chisathe.

Mlendi Mnzanu: Thireyi imene landilodi wanenayo ndi yotani? Ine makina anga angokhala pamatailosi.

Pulambala Wakale: Ndi chibeseni chosaya cha pulasitiki kapena chitsulo chimene makina amakhalamo. Sichingasunge madzi onse paipi itaphulika, koma chimagwira kudontha kwapang'onopang'ono kumene kumaoletsa pansi anthu osadziwa. Muikemo kaalamu ka batire kamene kamalira kakangonyowa. Chimene chimasefukiritsa nyumba kwenikweni ndi paipi yolowetsa madzi, chifukwa imakhala ndi mphamvu ya madzi usana ndi usiku, ngakhale makina atazima. Ikaphulika madzi sasiya mpaka wina atseke. Gwiritsani ntchito paipi yatsopano imene yabwera ndi makina, osati yakale yotsala kwa wina. Ilipo yolukidwa ndi waya kunja, iliponso yokhala ndi valavu yodzitsekera yokha ikayamba kuchucha, zonsezi ndi zabwino m'nyumba yosanja. Muziisintha pakatha zaka 5 zilizonse, ndipo valavu ija muzitseka mukamachoka kwa masiku. Pomanga, onani kuti karabala kali m'malo mwake, mangani ndi dzanja, osakakamiza ndi sipanala chifukwa mazinga apulasitiki amathyoka.

Mai a Mapasa: Pulambala abwera Loweruka. Tasankha ochapira a chitseko chakutsogolo ndi draya wa heat pump, ameneyu akhala m'kakhonde ka mkati pamene pali soketi yakeyake. Pa tsikulo ndiyang'anire chiyani asanachoke?

Pulambala Wakale: Asachoke musanayendetse makina ulendo wathunthu opanda zovala, iwo ali pomwepo. Yalani mapepala ouma pansi pa valavu, pansi pa trap ndi kumbuyo kwa makina, kadontho kalikonse kadzaonekera papepala. Ngati alumikiza pa kamlomo ka trap, afunseni ngati achotsa chotsekera cha mkati mwake, chifukwa trap yatsopano imabwera kamlomoko kali kotseka ndipo ambiri amaiwala, makina n'kulephera kutaya madzi. Pamene pampu ikukankha, yang'anani musinki. Madzi akamakwera kapena kumveka kuti gubudugubudu, paipi ya nyumba ndi yothina kapena yayamba kutsekeka ndi mafuta, aiyeretse tsiku lomwelo. Trap yakale ndi kabati musunge.

Wa Pansi: Ndipo agogo apansiwo muwauziretu za Lowerukalo, muwasiyire nambala yanu ya foni. Makina akayamba kutaya madzi wina atsike akaone sinki yawo. M'nyumba zakale thovu limatha kutsika ndi paipi n'kukatulukira musinki ya apansi, inu kumwamba osadziwa kanthu.

Pulambala Wakale: Eya, ndipo mayeso a thovuwo achitike ndi sopo, osati madzi okha. Ulendo wachiwiri muike matawulo ndi sopo wa makina, wosachita thovu lambiri, pa muyezo umene walembedwa papaketi. Wochapira pamanja asalowemo. Thovu likaoneka kwa agogo, imitsani kaye kuchapa, muuze eni nyumba aitane pulambala adzaone paipi yaikulu yotsika pansi, chifukwa pamenepo vuto lili pa paipi ya nyumba yonse ndipo si inu woyenera kuikhudza.